Mbale za Achemwali a Kang

Ndakankha kangolo ka zakudya m'nyumba ya tiyi ya abwana Mak zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo otsuka mbale ndawaona ambiri. Ena ankatha mwezi, ena sabata, wina anathawa tsiku lomwelo asanadye n'komwe chamasana. Koma mukandifunsa kuti wotsuka mbale weniweni mu mzinda wa Foshan muno, kum'mwera kwa China, anali ndani, sindiganiza kawiri: Achemwali a Kang. Ndipo ndineneretu kuti mayi ameneyu tinamuzunza tonse, ine ndili momwemo, popanda ndi mmodzi yemwe wodziwa kuti akuzunza munthu.

Anabwera mu 1996 kuchokera kumudzi wina wa ku Shanxi, kumpoto kouma kuja. Amuna awo anali atamwalira, mwana wawo wamwamuna ankaotcha matailosi kufakitale kuno, ndiye anati m'malo mokhala m'kachipinda n'kumayang'ana khoma, bola apeze chogwira. Anali mayi wamtali, wamapewa ngati mwamuna, tsitsi lolekezera m'makutu. Chikantoni chathuchi sankadziwa ngakhale liwu limodzi, ndipo ife tikamayesa chilankhulo chawo chakumpoto, ankati timamveka ngati tavwira mbatata yamoto. Dzina lawo linali Kang Lanfen, koma poti anali wamkulu kwa tonsefe, tinkangoti Achemwali. Ine ankanditchula Sim, dzina langa, kapena "iwe wapakamwa", ndipo sindinakane chifukwa pakamwa ndili napo.

Tsiku loyamba anatsuka mbale zonse za m'mawa asananene kanthu kwa munthu. Itakwana seveni, holo itadzaza, anasuzumira pachitseko cha kukhitchini kuti aone anthu odyera m'mbale zawo. Anaona zomwe aliyense amaona. Munthu akakhala patebulo, tiyi woyamba uja sakumwa. Amaimika timitengo todyera m'bakuli, n'kuthira tiyi wamoto kuti atsetsereke nato, kenako supuni, kenako amazunguliza mlomo wa kapu m'menemo, n'kukhuthulira zonse m'kabeseni kamene kali pakati patebulo. Ngwe ngwe ngwe, matebulo makumi anayi nthawi imodzi. Ife phokoso limenelo sitilimva n'komwe.

Ndikudutsa ndi kangolo kanga, ndinangomva dzanja landigwira pamkono, gwa!

"Akuchita chiyani anthuwa?"

"Akutsukuluza, Achemwali."

"Mbale zake ziti?"

"Zomwe akufuna kudyera, nanga ziti?"

"Zomwe ndatsuka ineyo?"

Ndinaseka, abale. Ndinaseka mpaka timadengu ta mabanzi kugwedezeka pakangolo. Kuseka kumeneko ndimanong'oneza nako bondo mpaka lero. Iwo sanaseke. Nkhope inafiira psu, anabwerera mkati, n'kutsitsa mbale zouma kale zomwe zinali pashelefu, zonse, n'kuyambiranso.

Kuyambira tsiku limenelo anakonza katsukidwe kawokawo. Mabeseni atatu: la sopo, la madzi oyera, ndi la madzi owira. Timitengo ife timangotenga mtolo wonse n'kupukusa m'manja, sokosoko, basi tatha. Iwo ayi, kamodzikamodzi, n'kutiimika mitu m'mwamba padzuwa kuseri kwa khitchini. Bakuli lililonse ankalipititsa chala chachikulu m'kati, likapanda kulira kuti tswii linkabwerera m'beseni loyamba. Magolovesi anawakana. Ankati munthu wovala mphira samva mafuta.

Abwana Mak ankabwera akung'ung'udza. "Mayi Kang, gasi yense wa mu Foshan muthere pano? Mbale izi si zopita nazo kuchipatala!" Koma akatuluka ankauza anzawo monyadira kuti nyumba yake mbale zake umadziona nkhope.

Ndipo m'mawa uliwonse, seveni koloko, Achemwali ankapukuta manja paepuloni n'kukaima pachitseko paja. Ankafuna kuona chinthu chimodzi basi: munthu wa kuno atenge bakuli lawo, athiremo phala la mpunga, adye osatsukuluza. Mmodzi yekha. Alendo a kumpoto ankabwera apo ndi apo n'kudya osatsukuluza, ndikawalozera ankati, "Awo usawawerenge, angadyere ngakhale m'chipewa. Ndikufuna awa, onyadawa."

Ndinawafotokozera kangati, kaya. Ndinati bambo anga ankatsukuluza, agogo anga ankatsukuluza, zinayamba kalekale pamene nyumba za tiyi za m'mbali mwa mtsinje zinkaviika mbale zonse m'ndowa imodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ndinati manja amangochita okha, ngati kukanda pomwe payabwa.

"Ukundinyengerera ngati mwana," anatero. "Kwathu mlendo akatsukanso mbale yomwe wampatsa, ndiye kuti wakutukwana. Sapondanso pakhomo pako."

"Pano si pakhomo panu, Achemwali, ndi pamalonda. Kunyumba kwa munthu ifenso sitichita."

"Nyumba ndi ya a Mak, koma mbale ndi zanga."

Choipa n'chakuti zimenezi tinkakambirana pachakudya cha antchito, cha m'ma fili koloko masana, makasitomala atachepa. Ine pakamwa pali pwepwetepwepwete kuti sizitanthauza kanthu, uku manja anga ali pantchito, timitengo m'bakuli, tiyi akutsetsereka. Iwo sankandiyang'ana kumaso, ankangoyang'ana manja angawo. Ndikazindikira ndinkasiya, mawa lake ndayambanso.

Pofika chaka chachisanu Chikantoni anali atachidziwa, chotukwanira ndiye kuposa ine. Koma manja anali atatha. Zala zinatupa n'kukhota, zikhadabo zinasanduka ngati makungwa, m'mizere ya zikhato munang'ambika. Tsiku lina mu Julaye, kutentha kwake kochita kumatirira malaya pamsana, ndinawapeza kuseri atakhala pakampando, akumata pulasitala pa chala chomwe chinkatuluka magazi. Mtima unandipsa.

"Mukudzipha chifukwa cha ndani?" ndinakalipa. "Anthu awa ngakhale mutawatsitsira mbale kuchokera kumwamba atsukuluza basi! Ndinu ouma mutu bwanji, mayi wamkulu ngati inu?"

Ndinkayembekeza kuti andibwezera, poti kukalipirana inali ndiwo yathu ya tsiku ndi tsiku. Koma anangoti, "Khala pansi, wapakamwa iwe."

Ndinakhala. Anati kumudzi kwawo madzi ankatunga kutali, kutsika chigwa n'kukweranso, ndowa ziwiri pamtengo wapaphewa. Madziwo sunkawaseweretsa. Ukatha kudya unkapukuta bakuli ndi chidutswa cha banzi n'kudya, kenako mbale za banja lonse m'beseni limodzi, madzi otsalawo n'kupatsa nkhumba. Mudzi wonse unkatero. Asanabereke mwana wamwamuna uja anali ndi wamkazi, Ningning. Ali ndi zaka ziwiri, m'chilimwe cha 1981, anatsegula m'mimba masiku anayi, tsiku lachisanu anapita.

"Anthu atabwera kudzatipepesa," anatero, "apongozi anga anatenga kabakuli ka mwana uja, n'kukakweza m'mwamba kuti onse akaone. Anati, 'Mkazi wauve uyu ndi amene wandiphera mdzukulu.' Panalibe anayankha, Sim. Amuna anga anayang'ana pansi. Amayi anga ondibereka anali pomwepo, nawonso anayang'ana pansi."

Anamaliza kumata chala chija. "Ndiye ndinati ndikapita kutali, kwa anthu osandidziwa, ndikatsuka bwinobwino, adzadya. Ndafika kuno, holo yonse yandiuza zomwezo tsiku loyamba."

Ndinamva chisoni chomwe sindinachimvepo chimwalirire bambo anga. Ndinayesa kunena kuti ana ambiri ankafa choncho masiku amenewo, kuti mwina anali madzi a pachitsime, mwina ntchentche. Anangopukusa mutu. Tsiku limenelo pachakudya ndinakhalira manja anga, kenako ndinatenga bakuli louma n'kudya.

"Iweyo sindikuwerenga," anatero osatukula maso. "Ukudya chifundo."

Ndipamene ndinachita chinthu chopusa. Patebulo la pawindo pankakhala Amalume Pun, mkulu amene anapuma pantchito yokonza njinga. Zaka makumi atatu tebulo lomwelo, nyuzi yomweyo, zipalapasiro za nkhuku ndi tiyi wakuda. Ndinawatsina khutu. Za mwana sindinanene, ndinangoti mayi wa kukhitchini mtima ukumupweteka, mawa adye osatsukuluza.

"Ukufuna kundipha, Sim? Ndakulakwira chiyani?"

"Amalume, mbale zimenezi n'zoyera kuposa mano anu ovulawo."

"Mano anga uwasiye. Ndipo ndikafa?"

"Tikuikani ndi zipalapasiro. Kadengu koyamba kotentha, mwezi wonse, kazifikira pa inu."

Anaganiza pang'ono, n'kuvomera.

M'mawa mwake ndinaimika kangolo poti ndizitha kuona zonse. Seveni koloko, Achemwali pachitseko. Amalume Pun anali atakhala chowongoka ngati ali pakhoti, manja pamaondo, thukuta lili kamukamu. Ndinawaikira phala. Anatambasula dzanja kulinga kutipoti, n'kulibweza. Anatenga bakuli louma, analiyang'ana ngati muli njoka, n'kuyamba kukweza chipande cha phala. Ndinacheuka, Achemwali anali atatuluka pachitseko phazi limodzi, khosi atasolola.

Nthawi yomweyo anatulukira mnzawo wina wa Amalume amene ankakhala nawo patebulo, wocheperako msinkhu. Ndipo mwamwambo wathu wamng'ono amatsukuluzira wamkulu, ndi ulemu. Asanakhale n'komwe pansi anatsomphola bakuli lija. "Aa, achimwene, mwayamba kuiwala? Bweretsani ndikutsukuluzireni."

"Siya!"

"Ayi, ayi, khalani inu, ndi ntchito yanga."

"Ndati siya, chitsiru iwe!"

Akuluakulu awiri kulimbirana bakuli, uyu kukoka, uyu kukoka, holo yonse cheu. Mpaka Amalume Pun, amene makutu awo anali ogontha ndipo ankayankhula ngati ali kutsidya la mtsinje, anakuwa kuti, "Sim wandilonjeza zipalapasiro kuti ndisatsukuluze lero! Mayi wa kukhitchini akuonerera!"

Anthu anafa nacho chiseko. Ndinalakalaka pansi patang'ambika. Nditayang'ana pachitseko, panalibe munthu.

Achemwali sanandiyankhule milungu itatu. Ndikabweretsa mbale zakuda ankangolandira, maso ali m'beseni. Tsiku lomwe anatsegula pakamwa anati, "Nkhani ya mwana wanga unagulitsa ndi mapazi a nkhuku?"

"Sindinanene za mwana, ndikulumbira pa bambo anga."

"Chabwino. Koma usadzandigulirenso munthu." Ubwenzi unabwerera pang'onopang'ono. Pachitseko anapitiriza kuima, ndipo mabeseni anakhalabe atatu.

Mu 2007 kunabwera mbale zokutidwa. Zinayamba m'malesitilanti a mumsewu waukulu: kampani ikutenga mbale zakuda palole, kukazitsuka m'makina, n'kuzibweza bakuli, kapu, kambale ndi supuni zitamatidwa pamodzi m'pulasitiki. Makasitomala anayamba kufunsa kuti nanga kuno bwanji. Abwana Mak anazengereza miyezi ingapo, kenako anavomera mbale zokutidwazo n'kuwaitana Achemwali. Si munthu woipa, ayi. Anati mapoto ndi timadengu tizitsukabe tokha, ndiye azitsuka zimenezo, kapena asamukire kodula masamba, manja apumeko.

Achemwali anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuvula epuloni, kuipinda bwinobwino, n'kuiika patebulo.

"Ndiye agamula," anatero.

"Ndani wagamula chiyani, Mayi Kang? Ndi nthawi chabe yasintha."

"Zaka khumi ndi chimodzi akhala akundiuza ndi manja. Tsopano anena ndi pakamwa. Abweretsereni zoyerazo adye mwamtendere."

Anachoka tsiku lomwelo, lole isanabwere n'kamodzi komwe. Ndinawathamangira mpaka pokwerera basi, koma anandikankha ndi dzanja lokhota lija, ndikanagwa.

Patatha milungu iwiri mwana wawo anandiimbira foni. Anati amayi sakutuluka m'nyumba, akudya pang'ono, ndipo mbale za m'nyumbamo akuzitsuka katatu patsiku ngakhale palibe wadyera. Tsiku langa lopuma linali Lachiwiri. Ndinadzuka m'mawa, kukwera basi, kukwera masitepe a nyumba yawo mpaka nsanjika yachisanu ndi chimodzi ndi maondo angawa, n'kugogoda mpaka oyandikana nawo anatuluka.

"Valani, tikukamwa tiyi."

"Kuti?"

"Kwa a Mak. Zaka zonsezi simunakhalepo pampando wa muholo muja."

"Ukufuna ndikaone momwe akusangalalira?"

"Eya, ndikufuna mukaone. Mukakana ndikhala pakhomo pano n'kumaimba nyimbo mpaka apolisi abwere, ndipo mawu anga mukuwadziwa."

Anatukwana m'zilankhulo ziwiri, koma anavala malaya awo abuluu a paukwati wa mwana wawo.

Tinafika holo itadzaza, moti anatiphatikiza patebulo limodzi ndi mayi wina wamagalasi ndi amuna ake, anthu omwe ndinkangowaona patali, a mbali yomwe kangolo kanga sikafika. Patsogolo pa aliyense panali mpukutu wa mbale uli ng'aning'ani m'pulasitiki. Achemwali anakhala kumapeto kwa mpando, chikwama pamiyendo, maso pansi.

Pho! Mayi uja anaboola pulasitiki ndi timitengo. Pho! Amuna ake. Pho, pho, kumatebulo ena. Ndiyeno mayi uja anakoka tipoti, kuimika timitengo m'bakuli, n'kuthira.

Achemwali anatukula mutu. Anayang'ana mayiyo, anayang'ana tebulo lotsatira, anatembenuka thupi lonse n'kuyang'ana kumbuyo. Ngwe ngwe ngwe, matebulo makumi anayi. Ine ndinaluma lilime, ndinati lero ndisanene kanthu ngakhale zitavuta bwanji.

"Pepani mayi," anatero Achemwali. "Izi si zochokera m'makina? Zomata kale?"

"Ndi zomwezo," anayankha mayi uja osasiya kuzunguliza kapu.

"Nanga mukutsukuluziranji?"

Mayiyo anawayang'ana pamwamba pa magalasi ngati afunsidwa chifukwa chomwe amavalira nsapato. "Nanga ndidye bwanji? Ndinu akumpoto eti? Bweretsani zanuzo ndikuchitireni."

"Ayi, dikirani. Nanga zakale zija, zisanabwere izi, zinali zakuda?"

"Za muno? Ha! Za muno ndiye zinali mbale. Ukagwira zinkalira. Ine ndinkasiya nyumba ziwiri pafupi ndi kwathu n'kubwera kuno chifukwa cha zomwezo, afunseni bambowa. Zijazo ndinkatsukuluza mwamwambo chabe, kuti manja asayabwe. Izi ndiye ndikutsukuluza ndi mtima wonse, tanunkhizani, fungo la pulasitiki lokhalokha."

"Sindidziwa anamuchotseranji amene ankatsuka uja," anawonjezera amuna ake, maso ali panyuzi.

Achemwali ananditembenukira, maso akuthwa. "Awanso wawagula ndi chiyani?"

"Ine? Ndikuwadziwa ine anthuwa? Mayi, mumandidziwa?"

"Si inu mumakuwa ndi kangolo mbali iyo? Dzina lanu sindilidziwa. Bwanji, kwagwanji?"

Achemwali anang'amba pulasitiki yawo ndi zala, anatenga bakuli, n'kupititsa chala chachikulu m'kati. Silinalire. Analiika pansi mwakachetechete, kenako anayala manja onse awiri patebulo, zikhato m'mwamba, n'kumangowayang'ana. Mapewa aakulu aja anayamba kugwedezeka. Ndinaganiza kuti akuseka, ndipo poyamba ankasekadi.

"Zaka khumi ndi chimodzi," anatero. "Agalu inu. Zaka khumi ndi chimodzi ndaphika manja anga, inu mukungokanda poyabwa."

Mayi wamagalasi uja anazindikira kuti wotsuka uja ndi yemweyu, anagwira pakamwa. Kenako anadzuka n'kuwathirira tiyi ndi manja awiri.

Kuseka kuja kunatha, misozi inatsala ikungotsika. Sanaipukute. Anayankhula m'chilankhulo chakwawo, motsitsa, kuti ndimve ine ndekha.

"Kabakuli ka Ningning ndinkakatsuka padera, Sim. Ndi madzi oyamba, ndisanaviikemo mbale ya wina aliyense. Tsiku lililonse. Apongozi ankandikalipira kuti ndikuwononga madzi."

"Bwanji simunanene tsiku lija, pamaso pa anthu?"

"Mwana ali gone pamphasa, ndikanatsutsana ndi ndani? Ndinati mwina akunena zoona. Anthu onsewo sangayang'ane pansi pachabe."

"Angathe," ndinatero, nanenso ndikulira ngati chitsiru pakati pa holo ya abwana anga. "Anthu onse angathe kuchita chinthu pachabe. Mwaona nokha."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Mnzanga wa kangolo anadutsa, ndinatsitsa mabanzi a nyama ya nkhumba ndi phala. Anadya banzi limodzi, lachiwiri, lachitatu, ngati munthu wochokera kumunda.

"Ningning tinamuika paphiri, kuseri kwa mudzi," anatero atameza. "Chimuikireni sindinakwereko. Ndinkadutsa m'munsi ndi ndowa zanga, nkhope n'kuyang'ana kwina. Ndinkachita manyazi kuti andiona."

Anapukuta pakamwa, anatsegula chikwama n'kuyamba kufunafuna magalasi awo owerengera.

"Iwe umadziwa zonse, wapakamwa. Sitima ya ku Taiyuan, kwathu ku Shanxi, imanyamuka nthawi yanji?"